Mfumukazi ya pa Bedi Loyandikana

Lachiwiri, 4 Juni

Andigoneka lero. Wodi ya amayi, bedi lachiwiri kuchokera pakhomo. Ndikulemba m'kope la masamu chifukwa masamba ake ambiri ndi osalembamo, komanso kuno nthawi siyenda.

Mwendo wakumanzere watupa kuyambira pabondo mpaka pakakolo. Thupi latentha kufika 39.4. Andijambula mwendo, anditenga magazi. Adokotala, bambo wamtali wolankhula mothamanga, ati chilonda cha pamsongolo chalowetsa tizilombo mpaka m'fupa ndipo muli mafinya. Mawa opaleshoni yotsuka fupalo. Kuyambira madzulo ano ndisadye kanthu.

Anandifunsa kuti chilondacho chinayamba bwanji. Ndinati ndinagwa pamasitepe ku hositelo. Anafunsanso kuti nanga n'chifukwa chiyani ndinachibisa m'sokosi mpaka kufika pamenepa. Amayi aang'ono anandiyankhira: "Ndi mmene alili ameneyu adokotala, sanena kanthu. Nyumba itapsa akhoza kungoyang'ana."

Amayi aang'ono ndi amene ndimakhala nawo pa holide. Ndi telala, ali ndi madiresi a ukwati oti amalize, ndiye sangagone kuno. Amayi anga enieni ali kutali, amachapa zovala ku hotela, ndipo ali ndi khanda ndi bambo atsopano aja. Awauza pafoni.

Lachitatu, 5 Juni

Opaleshoni yatha. Ndasanza kawiri. M'mwendo muli ngati athiramo makala amoto. Andisiyira kachubu kotulutsa mafinya.

Lachisanu, 7 Juni

Thupi 38.2. Mankhwala opha tizilombo akudzera m'dilipi kanayi patsiku, mapiritsi a ululu katatu. Potsuka chilonda ndimaluma pilo.

Tsiku la kuno limayenda chonchi: kukolopa, kuyeza thupi, tiyi, adokotala ndi gulu lawo, kutsuka zilonda, alendo masana, alendo madzulo. Pa nthawi ya alendo ndimatembenukira kukhoma.

Kudzanja langa lamanja kuli mayi wina wogulitsa nsapato zakaunjika, anamudula chala cha kuphazi chifukwa cha shuga. Anthu amawatchula Mayi Wailesi poti satseka pakamwa. Amadziwa matenda a aliyense, ndi amuna a aliyense. Andifunsa kale kuti bambo anga ali kuti. Ndati anamwalira ndili wamng'ono. Ati, "Pepa mwanawe. Anga ali moyo koma ndi chimodzimodzi." Bedi la kumanzere lilibe munthu.

Pali anesi ena a magalasi ochindikala, osaseka, koma dzanja lawo ndi lofewa pobaya.

Amayi aang'ono anabwera masana ndi buledi ndi nthochi, ulusi uli m'tsitsi. Sanakhale n'komwe pansi. Anandipatsa foni ndilankhule ndi amayi. Ati khanda likutsokomola, abwera Loweruka la mawa lino likapita, linalo. Kumbuyo ndimamva khandalo likulira, iwo akulitonthoza ndi mawu aja ankanditonthoza nawo ine. Ndinati palibe vuto.

Lamulungu, 9 Juni

Pabedi la kumanzere abweretsapo mtsikana. Msinkhu wanga, mwina wocheperako pang'ono. Wachokera kuchipinda cha odwala kwambiri. Anabwera ndi pilo wakewake, bulangete lofiirira la ubweya, masilipasi a maluwa, ndi anthu: mayi ake, bambo ake a taye, azakhali awiri, mchimwene wake. Kukonza bedi lokha anthu asanu. Ndamutcha Mfumukazi.

Ndi wokongola ngakhale akudwala. Ine ndikadwala nkhope imakhala ngati mbatata yofota. Amati ukaipa dziwa nyimbo. Ine nyimbonso sindidziwa.

Mayi ake ayala mphasa pansi pa bedi. Agona konkuno.

Lolemba, 10 Juni

Achotsa kachubu ka mafinya. Thupi 37.9. Mafinya anapita ku labu, zotsatira sizinabwere.

Mfumukazi salankhula. Mayi ake amamupesa tsitsi, amamupukuta kumaso ndi kansalu kofunda, amamufunsa, "Udya chiyani mwanangu? Ndikugulire yogati? Nanga maapulo?" Iye n'kungopukusa mutu. Ine ndikanafunsidwa choncho bwenzi nditatchula zinthu mpaka mawa.

Masana kunabwera atsikana a kusukulu kwake ndi aphunzitsi awiri. Yunifolomu yosita bwino, mabuleza, maluwa m'botolo. Angapo analira. Aphunzitsi anati, "Kalasi yonse ikukudikira. Mpando wako palibe akukhalapo." Wanga ndikudziwa kuti akuikapo mapazi.

Mayi ake anandibweretsera mpunga ndi ntchafu ya nkhuku m'kambale. "Idya mwanangu, mnzakoyu akukana." Ndinati ndakhuta. M'mimba munkalira ngati chigayo. Mayi Wailesi analandira m'malo mwanga, anadya nkhuku n'kusiya mpunga chifukwa cha shuga, kenako anandinong'oneza kuti, "Kunyada sikukhutitsa, iwe."

Lachiwiri, 11 Juni

Mayi Wailesi apeza nkhani. Anadikira mayi ake a Mfumukazi apite kukachapa, iye atapita kubafa, n'kundikodola. Ati mtsikanayu anafuna kudzipha. Momwe anachitira anandiuza koma sindilemba.

"Mwana wanzeru, woyamba m'kalasi chaka ndi chaka," anatero. "Teremu yathayi anatsika, bambo ake anasiya kumulankhula. Akufuna adzakhale dokotala mwa njira iliyonse. Fupa lokakamiza limaswa mphika, mwanawe. Pepa, ndatchula fupa."

Sindinaseke. Ndinapsa mtima. Munthu ali ndi mayi womupesa, bambo wa galimoto, anzake omulirira, nzeru, nkhope. Akusowa chiyani? Atandipatsa theka la zimenezo ndingavine ndi mwendo womwewu.

Chakumasana kunabwera mayi wina wopanda yunifolomu, wansapato zosamveka poyenda. Ati ndi alangizi. Anakoka makatani kuzungulira bedi la Mfumukazi, anapempha mayi ake atuluke kaye. Katani si khoma. Ndinamva akufunsa pang'onopang'ono, "Lero mumtima mukumveka bwanji?" Kenako chete. Anadikira. Sanamuthamangitse, sanamuyankhire. Anangodikira mpaka iye anayamba kulankhula motsitsa.

Chibwerereni andifunsa za mwendo, za chimbudzi, za kutentha thupi. Mumtima ayi.

Lachitatu, 12 Juni

Thupi lakweranso, 38.8. Kanula wolowetsera dilipi padzanja lamanzere watupitsa mtsempha, amusamutsira kumanja. Kulemba kukuvuta.

Alangizi abweranso kwa iye. Anakhalitsa.

Lachinayi, 13 Juni

Zotsatira zabwera. Tizilombo take sitikumva mankhwala amene ndimalandira. Asintha, andiyambitsa ena amphamvu, kawiri patsiku, oyenda pang'onopang'ono m'dilipi, ndipo azindiyeza impso. Adokotala ati ndikhala kuno milungu ina ingapo, mwinanso abwereze kutsuka fupa.

Ndinati, "Nanga mayeso adokotala?"

Anati, "Mayeso amabweranso. Mwendo subweranso." Anapita pabedi lina.

Iwo sadziwa. Fomu 3 ndikuibwereza kale. Chaka chatha ndinalephera, nthawi imene amayi ankakwatiwa n'kusamuka. Anzanga onse anapita patsogolo, ine ndinatsala ndi ana. Amanditchula Agogo. Ndikalowa m'kalasi wina amadzuka, "Apatseni mpando agogo, msana ungawapweteke," kalasi yonse gwedee kuseka. Ndikabwerezanso adzanditchula chiyani? Malemu?

Mfumukazi lero anandiyang'ana n'kunena kuti, "Pepa." Ndi mawu ake oyamba kwa ine. Pepa wa munthu woyamba m'kalasi ndimutani?

Loweruka, 15 Juni

Ndinasamba m'mawa, ndinapempha Mayi Wailesi mafuta odzola. Nthawi ya alendo itakwana ndinakhala tsonga, maso pakhomo. Analowa amuna a anthu, ana a anthu, a mpingo wa anthu. Analowa bambo a Mfumukazi ndi maluwa ena. Belu linalira, alendo anatuluka.

Madzulo amayi aang'ono anabwera okha. Ati amayi awakaniza kuntchito, ndipo khanda silinachire bwino. "Uwamvetse, iwe ndiwe wamkulu."

Ndine wamkulu. M'kalasi ndine wamkulu, kunyumba ndine wamkulu.

Lamulungu, 16 Juni

Sindinadye. Thupi 38.1.

Maganizo aja abweranso. Anayamba ku hositelo teremu yatha. Amati: utachoka, ndani angazindikire? Amayi ali ndi mwana wina. Amayi aang'ono angapume. Sindinauzepo munthu.

Lolemba, 17 Juni

Andipatsa ndodo zoyendera. Bambo wophunzitsa kuyenda ati ndisaponde ndi mwendo wodwalawo, ndiziyenda pang'ono m'khonde masana.

Lero ndachita chinthu, ndipo sindikudziwa ngati ndikudandaula.

Ndinafika pabenchi ya kumapeto kwa khonde thukuta lili kamukamu. Mfumukazi anali pomwepo akuwothera dzuwa, mayi ake ataima chapatali akulankhula pafoni koma diso lili pa iye. Anasendera kuti ndikhale. Anatulutsa apulo m'thumba la juzi.

"Sindine wopemphapempha," ndinatero.

"Sindinatero. Kungoti ine zakudya sizikulowa."

"Zoona, mfumukazi imasankha."

Anandiyang'ana. "Ndakulakwira chiyani iwe? Chibwerereni umandiyang'ana ngati ndinakubera."

Pamenepo zonse zinangotuluka. Ndinamuwerengera: pilo, bulangete, maluwa, anzake olira, mayi ake ogona pansi, alangizi okoka katani. Ndinati, "Uli ndi zonse koma ukuzitaya. Ine wondifunsa alibe. Mwina nane ndichite zomwe unachitazo kuti anthu adziwe kuti ndilipo."

Nkhope yake inasintha. Anandigwira mkono mwamphamvu, pomwe panali kanula wakale, mpaka ndinati mayo.

"Ukunena zoona kapena ukungofuna kundipweteka?"

Ndinayesa kuchotsa mkono wanga.

"Ndakufunsa. Umaganiza zimenezo?"

"Zikukukhudza chiyani?"

Anasiya mkono wanga. Anati, "Ukuona ngati ichi ndi chisangalalo? Nditangochita ndinayamba kufuula kuti andithandize. Nthawi yomweyo. Ndinkafuna kuti ululu wa mumtima uthe, osati ine. Mpaka lero sakudziwa ngati m'thupi mwanga mudzabwerera bwinobwino. Mchimwene wanga ndi amene anandipeza, ndipo kuyambira tsiku limenelo sagona. Maluwa ukuwasirirawo abambo amabweretsa chifukwa pakamwa sadziwa chonena. Kunyumba akamwa amaswa mbale, amayi amabisala kuchipinda kwanga. Atsikana analira aja, awiri mwa iwo ndi amene ankatumizirana mauthenga ondinyoza nditatsika. Tenga maluwawo ngati ukuwafuna."

Ndinati, "Komabe amabwera."

"Inde amabwera. Koma alangizi aja akanabwera ndisanachite chilichonse, ndikanangonena. Ine sindinkadziwa. Iwe ndakuuza." Anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi. "Uwauze anesi lero. Ukapanda kutero ndikawauza ndine."

"Ukandinenera ndidzakuda mpaka kalekale."

"Chabwino."

Ndinabwerera ndekha, ndodo zikundipweteka m'khwapa.

Lachiwiri, 18 Juni

Wandinenera. Sanadikire n'komwe kuti kuche, anauza anesi dzulo lomwelo adokotala atangomaliza kuyendera odwala madzulo.

Anesi a magalasi anabwera, anakoka katani. Ndinaganiza kuti akufuna kuona bandeji. Anakhala m'mphepete mwa bedi, chinthu chomwe sindinawaonepo akuchita kwa munthu.

"Mtsikana, ndikufunsa mosazungulira, nawe undiyankhe mosazungulira. Umaganiza zodzipha?"

Mawuwo anawatchula bwinobwino ngati akufunsa za mutu. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, kapena anditchulira za tchimo. Poti sanatero, bodza linandithawa. Ndinati, "Nthawi zina."

Anafunsa kuti zinayamba liti, ngati ndinakonzapo njira, ngati ndinayesapo. Ndinati sindinayesepo. Anati, "Wachita bwino kundiuza. Suli pa mlandu. Anthu ambiri a msinkhu wako amafika pamenepa, ndipo amathandizika." Anandisamutsira pabedi loyang'anana ndi tebulo lawo, anatenga zina m'kabati mwanga, anati mapiritsi ndizimwa iwo akuona. Zinandichititsa manyazi. Mayi Wailesi, kwa nthawi yoyamba chibwerereni, sanafunse kanthu.

Mfumukazi tsopano ali kutsidya kwa kanjira. Sindikumuyang'ana.

Thupi 37.6. Impso zili bwino.

Lachitatu, 19 Juni

Alangizi abwera. Kwa ine.

Ndinkaganiza kuti katani akakokedwa chifukwa cha ine ndidzamva kukoma. Ayi ndithu. Anadikira ngati mmene ankadikirira kwa iye. Pamene ndinazindikira kuti sachoka, ndinayamba.

Anafunsa za tulo. Ndinati ku hositelo ndimagona mochedwa, kudzuka anthu asanadzuke kuti ndisambe ndekha. Anafunsa kuti ndimadya ndi ndani. Ndinati nthawi zambiri sindipita kodyera, chifukwa ndikakhala pabenchi amasuntha mbale zawo, amati agogo adye okha angatipatsire ukalamba. Ndiye ndimagona ndi njala. Anafunsa ngati ndili ndi mnzanga wapamtima ngakhale mmodzi. Ndinali naye, anapita Fomu 4, masiku ano amandipatsa moni wa chala. Za mowa ndi fodya ndinati ayi. Anafunsa kuti zikandivuta ndimauza ndani kunyumba. Ndinaseka.

Kenako anati, "Nanga pamasitepe paja unagwa bwanji?"

Ndinawauza. Ndinkatsika ndi ndowa ya madzi. Atsikana atatu anali kumbuyo kwanga akuimba kanyimbo ka agogo. Mmodzi anati tiwathandize kutsika. Anandikankha. Ndinakhumudwa pakona ya sitepe, msongolo unang'ambika. Ndinamanga ndi mpango n'kuvala sokosi. Ndikanapita kwa ametuloni oyang'anira hositelo akanandifunsa, ndipo ndikanatchula maina bwenzi moyo wanga ku hositelo utatheratu.

Alangizi anati zimenezo si zoseweretsa za ana, ndi nkhanza, ndipo si ine ndinalakwa. Anati kunyozedwa tsiku ndi tsiku, kukhala wekha, njala, kusagona, kusowa womuuza, zikaunjikana pa munthu mmodzi maganizo otere amabwera, ndipo si chizindikiro choti ndine wopusa kapena woipa. Tinagwirizana zoti ndichite akabwera: ndisakhale nawo ndekha, ndiuze anesi, kapena amayi aang'ono, kapena iwowo.

Anapempha kuti alankhule ndi abale anga. Ndinakana. Anati sanganene zonse zomwe ndawauza, koma za moyo wanga sangabise, ndipo ndibwino ndikhalepo polankhulapo. Ndinati amayi sabwera. Anati, "Tiyese."

Ndatopa ngati ndalima.

Lachinayi, 20 Juni

Amayi aang'ono anakhala pansi lero. Alangizi atawafotokozera anagwira pakamwa. Kenako anayamba kulusa, osati kwa ine. Anafunsa maina a atsikana aja. Ndinati asapite kusukulu kukachita phokoso. Anati, "Phokoso? Ine ndimadula nsalu tsiku lililonse, sindiphonya mzere. Ndikalankhula ndi ahedi bwinobwino." Akutuluka anabwereranso, anandikonzera kolala ya diresi yomwe inali yokonzeka kale. Anati, "Paja ndimati sunena kanthu. Kapena ndine sindimafunsa."

Mfumukazi anatumiza yogati kudzera mwa Mayi Wailesi. Ndinabweza. Anatumizanso. Mayi Wailesi anati, "Ine chala ndilibe, musandiyendetse ngati mtumiki wa chibwenzi." Ndinamwa. Inali ya sitiroberi. Anthu ena amamwa zimenezi tsiku lililonse.

Lachisanu, 21 Juni

Amayi abwera. Pa tsiku la ntchito, ndi basi ya m'mawa, khanda kumsana.

Anaima kumapazi kwa bedi, chikwama m'manja. Achepa thupi. Manja awo asuwa ndi sopo. Mawu awo oyamba anali akuti, "Iwe ukufuna undiphe?" Alangizi anawagwira paphewa, anati, "Mayi, tiyeni tikhale kaye pansi."

Tinalowa m'kachipinda ka alangizi, ine pa njinga ya odwala. Amayi ankamvetsera akugwedeza khanda. Nkhani ya masitepe itafika anasiya kuligwedeza.

"Bwanji sunandiuze?"

"Munali ndi mwana."

"Nanga iwe ndiwe chiyani? Mtengo?"

"Mukaimba mumafunsa ngati sopo alipo ndi ngati ndikuwerenga. Kenako iye amalira, mumadula."

Anayang'ana khandalo, n'kuyang'ana ine. Kenako anati, "Ine ndimati uyu ndi wolimba, anatengera ine. Ndimati wamng'onoyu ndiye wofuna maso. Ndimauza anzanga kuntchito kuti mwana wanga wamkulu savutitsa." Analira mosatulutsa mawu. Sindinawaonepo akulira chimwalirireni abambo.

Sindinalire nawo. Ndinkayang'ana khandalo. Lili ndi masaya ngati mabanzi, zovala zoluka, kachipewa. Limagona pamsana pawo tsiku lonse popanda kuchita chilichonse choti liyenerere. Linagwira chubu cha dilipi yanga n'kuyamba kukoka, likuseka. Amayi anati, "Akumudziwa mlongo wake." Mayi Wailesi titabwerera anati mphuno ndi yanga yeniyeni. Ngakhale mphuno wandilanda.

Agona kuno mpaka Lamulungu. Alibe mphasa, abwereka katoni. Khanda lagona kwa amayi aang'ono, chifukwa m'wodi salola.

Loweruka, 22 Juni

Thupi 37.0. Chilonda chayamba kufiira bwino, mafinya achepa. Adokotala ati mwina sabwerezanso opaleshoni.

Amayi anandisambitsa. Ndinati ndimatha ndekha. Anati, "Ndikudziwa." Anapitiriza.

Tsiku lonse maso awo amathawira pafoni, kufunsa ngati mwana wamwa mkaka. Ndinawerenga kangati, kenako ndinasiya. Masana anacheza ndi mayi ake a Mfumukazi kumpopi. Atabwera anati, "Mayi uja ali pa moto, mwanangu. Usaone zovala."

Ndikudziwa. Komabe bulangete lija ndimalisirira.

Lolemba, 24 Juni

Amayi anapita dzulo. Ati aziimba Lachitatu ndi Lamulungu khanda litagona, ndipo ndikangoyankha kuti palibe vuto sadula foni. Tiona.

Amayi aang'ono anapita kusukulu. Ahedi ati afufuza ndipo aitana makolo a atsikana aja. Kaya. Chomwe tagwirizana n'choti sindibwerera ku hositelo. Ndikachira ndiziyendera pasukulu ya pafupi ndi kwa amayi aang'ono. Mwina ndibwerezanso kalasi. Zimenezo sindifuna n'kuziganiza komwe. Alangizi ati tiziona chimodzichimodzi, ndipo ndikatuluka ndizibwera kudzaonana nawo.

Lachiwiri, 25 Juni

Mfumukazi yatuluka. Magazi ake akhala bwino pang'ono, azibwera kudzayezetsa ndi kudzaonana ndi alangizi. Bambo ake nawonso awauza kuti azibwera. Anavomera akuyang'ana nsapato zawo. Iye akakhala kaye kwa azakhali ake.

Anapinda bulangete, pilo, masilipasi. Maluwa ofota anawataya yekha m'bini. Atavala diresi la kunyumba anaoneka ngati wa pa kalendala, mtima wanga unachitanso kuti thi. Ine ndatsala ndi mwendo wa bandeji, iye akukakwera galimoto.

Anabwera pabedi langa.

"Ukundidabe?"

"Pang'ono."

"Chabwino. Uzindida uli moyo."

Ndinafuna kumuyankha mwachipongwe koma palibe chinabwera. Ndinati, "Nawenso." Anaseka, koyamba chibwerereni. Mano akenso ndi abwino, abale.

Ndinamufunsa ngati akuopa kubwerera. Anati kwambiri. Anati masiku ena amadzuka bwino, ena ayi, koma tsopano akudziwa pakhomo pogogoda. Mchimwene wake ananyamula chikwama, anatuluka. Mayi ake anabwerera kudzandipsompsona pachipumi.

Lachinayi, 27 Juni

Mankhwala a m'dilipi apitirira sabata ina, kenako mapiritsi. Impso zili bwino. Ndayenda ndi ndodo mpaka pabenchi ndi kubwerera osapuma. Amayi anaimba dzulo monga ananenera. Khanda linadzuka pakati, linalira, iwo sanadule.

Pabedi la Mfumukazi paja agonekapo mayi wina wothyoka mkono. Mayi Wailesi atuluka mawa, ati andisiyira mafuta odzola.

Masana ano ndinaona pawindo ana a sukulu akudutsa kunja kwa mpanda, akuweruka, akukankhana ndi kuseka, awiriawiri, atatuatatu. Ndinawayang'ana mpaka anatha. Aliyense anali ndi woyenda naye. Mtima unayamba kulemera pang'onopang'ono, ndipo maganizo aja anabwera, mawu ake omwe aja: ngakhale kusukulu yatsopano udzakhala agogo, ukuvutikiranji.

Ndinagona nawo kanthawi nditafunda kumutu. Wondinenera anapita. Ndinavundukula.

Anesi a magalasi anali patebulo lawo akukonza thireyi ya mabandeji. Ndinaitana koyamba, mawu sanatuluke. Ndinaitananso.

"Asisitala."

"Mwendo?"

"Ayi. Maganizo aja abweranso."

Anaika thireyi pansi, anauza mnzawo kuti apitirize yekha, ndipo aitanitse alangizi. Anabwera, anakoka katani.

"Wachita bwino kunena. Sendera, ndikhale."

Ndinasendera.